Cobra wa ku Ratanga sanafe, anangosamukira ku Iowa

Amene mwakhalitsa ku Cape Town mukukumbukira kuti ukamadutsa mumsewu wa N1, pafupi ndi Canal Walk, panali chinjanji chopindikapindika chomwe chinkaonekera patali. Ameneyo anali Cobra, roller coaster ya ku Ratanga Junction. Paki yamasewerayi inatsegulidwa mu Disembala 1998 ndipo inatsekedwa pa 1 Meyi 2018. Lero pamalopo pali nyumba zogona, maofesi ndi kapaki koyendamo wapansi m'mbali mwa madzi. Ambirife tinkangoti chitsulo chonse chija chinapita kwa ogula zitsulo zakutha, chinasungunulidwa basi. Ayi ndithu. Cobra anamasulidwa chidutswachidutswa, anawoloka nyanja, ndipo mu 2022 anayambanso kunyamula anthu ku Lost Island Theme Park, mumzinda wa Waterloo m'chigawo cha Iowa ku America. Kumeneko akumutcha Nopuko Air Coaster. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ife a kunja kuno mwambi umenewu sitichita kufunsa tanthauzo lake.

Nkhaniyi inandigwira mtima pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi ntchito yanga. Ndimakonza makompyuta m'maofesi, ndipo kawirikawiri ndine amene ndimauza abwana kuti iyi yatha, iyi ipitebe, iyi tigulitse. Funso loti chinthu chimatha liti ndimakumana nalo sabata iliyonse.

Chifukwa chachiwiri ndi mwana wanga wamkazi. Pa holide yomaliza ya Disembala pakiyo isanatsekedwe tinapita naye, ndipo iye mtima wonse unali pa Cobra. Pakhomo pake panali poyezera msinkhu, iye anaperewera ndi zala zitatu zokha. Sanalire. Anangoyang'ana anthu akudutsa m'mwamba miyendo ili lendee, n'kuti, "Adadi, chaka chamawa ndikwera." Chaka chamawacho chinafika, msinkhu unakwana, koma pokwera panalibe. Patapita zaka, nditamuonetsa pa YouTube kuti Cobra wake uja akuthamanga ku Iowa, anandifunsa funso lachilungamo: "Ngati ali bwinobwino, nanga anamugulitsiranji?"

Kuti munthu ayankhe funso limeneli ayenera kudziwa zimene zimachitika m'paki geti lisanatsegulidwe. Ife tikamafika ndi ana ndi zikwama zathu za nkhuku yokazinga, amakanika amakhala atayamba kalekale. Amayenda njanji yonse, kuyang'ana mabawuti, tcheni chokokera sitima pamtunda, girisi ndi zotchingira anthu pamipando. Kenako sitima imazungulira kangapo yopanda munthu. Sitima ya roller coaster ili ndi mawilo amitundu itatu: ena amayenda pamwamba pa njanji, ena m'mbali, ena kunsi kuti isanyamuke ikamatembenuzika. Mawilowa amakutidwa ndi pulasitiki yolimba yomwe imaperepeseka ngati teyala la galimoto, ndiye amasinthidwa pafupipafupi. Phokoso lija la kwa-kwa-kwa mumamva pokwera chitunda si kutha kwa makina, ndi zitsulo zokowera zomwe zimaletsa sitima kubwerera m'mbuyo tcheni chikaduka. Ndipo pa nthawi zoikika sitima yonse imaphwasulidwa, ma ekiselo ndi malo owotcherera n'kupimidwa ndi zida za maginito kapena za ultrasound, kufunafuna ming'alu yosaoneka ndi maso.

Mbali imene ndimaimva bwino ine ndi ya kompyuta. Njanji imagawidwa m'zigawo, ndipo lamulo lake ndi limodzi: sitima ziwiri zisapezeke m'chigawo chimodzi. M'mbali mwa njanji muli masensa amene amauza kompyuta yoyendetsa makina, yotchedwa PLC, pamene sitima ili. Sensa imodzi ikanena zosagwirizana ndi inzake, kompyutayo siganizira kawiri, imaimitsa zonse. Mabuleki ambiri anapangidwa mwanzeru: amakhala otseka mwa okha, ndipo mphamvu ya mpweya ndi imene imawatsegula. Magetsi akathima, amagwira. Ndiye mukadzaona sitima yaima pamtunda anthu akujambula ndi mafoni, nthawi zambiri dziwani kuti makinawo achita ntchito yawo, akana kupitiriza zinthu zisanamveke bwino.

Tsono zonsezi ndi ndalama, ndipo ndalama zake sizigona. Dzimbiri silidziwa kuti ana ali kusukulu. M'zaka zake zomaliza Ratanga inkatsegula makamaka pa holide za sukulu, koma chitsulo chinkakhala panja chaka chonse, pafupi ndi Table Bay, m'mphepo yamchere yomwe ife a kuno timaidziwa bwino pa mageti ndi magalimoto athu. Amakanika odziwa ntchito sungawalembe milungu isanu ndi umodzi n'kuwabweza kwawo. Inshuwalansi, penti, magetsi a mapampu a madzi, zonse zimafuna zawo. Uku malo a ku Century City mtengo wake unkangokwera, moti dothi limene Cobra anaimapo linkatha kubweretsa phindu lalikulu likanyamula mafulati kusiyana ndi kunyamula njanji. Ndinamuuza mwana wanga kuti Cobra sanagulitsidwe chifukwa chodwala. Anagulitsidwa chifukwa kumusamala pamalo amene aja kunasiya kubweza ndalama.

Koma si makina onse akale amene amapeza wogula. Cobra anali ndi mwayi wa mtundu wake. Anapangidwa ndi Vekoma, kampani ya ku Netherlands, ndipo ndi wa gulu lotchedwa Suspended Looping Coaster limene linayamba mu 1994. Kampaniyi inapanga oposa 40 ofanana naye m'mayiko osiyanasiyana: kutalika pafupifupi mamita 33, liwiro pafupifupi makilomita 80 pa ola, kutembenuza anthu chadodolido kasanu. Okonda ma roller coaster ena amawanyoza kuti ndi ofala komanso amagwedeza mutu. Koma kwa wogula, kufala kumeneko ndiye chuma. Kampani ikadalipo, mapulani alipo, masipeya amapezeka, amakanika amene anagwirapo wotere ndi ambiri. Zili ngati Toyota kwathu kuja: si galimoto yodabwitsa, koma makanika wa pansi pa mtengo aliyense amaidziwa.

Yerekezani ndi Anaconda wa ku Gold Reef City ku Johannesburg. Anapangidwa mu 1999 ndi Giovanola, kampani ya ku Switzerland yomwe inangopanga ma roller coaster atatu okha m'dzina lake, kenako inatsekedwa. Makina otere ukakhala nawo sungathamangire kwa amene anawapanga, umadalira mainjiniya ako ndi mabuku amene unasunga. Kwathu kwa makompyuta timadziwa ululu umenewu. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 tsiku lake linaikidwa pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta imayaka bwinobwino, kiyibodi ili nganganga, koma kumbuyo kwake kulibenso amene akutseka mipata yolowera akuba. Chinthu chimayamba kutha tsiku limene womusamalira wachoka, ngakhale chikuwala.

Ku Gold Reef City komweko kuli umboni wina wosangalatsa. Golden Loop, uja amakuponyani kutsogolo n'kukubwezani chafutambuyo, si wobadwira ku Joni. Anayamba ntchito mu 1977 ku Carowinds, paki ya pamalire a North Carolina ndi South Carolina, dzina lake ali White Lightnin', ndipo anafika ku Johannesburg mu 1989. Amene mwakwerapo, dziwani kuti munakwera kaunjika wa ku America. Ndipo anthu a ku Iowa lero akukwera kaunjika wa ku Cape Town. Ku Lost Island komweko kuli winanso, Matugani, amene kale anali Kanonen ku Liseberg mumzinda wa Gothenburg ku Sweden. Ine zinandiseketsa, chifukwa tinazolowera kuti mabelo amachokera kwa azungu kubwera kwa ife. Pamsika uwu katundu amayenda mbali zonse, ndipo palibe wochita naye manyazi.

Kusiyana kwake ndi belo n'kwakuti roller coaster siyenda yokha. Ogula anzeru amafuna mbiri yake yonse: inazungulira kangati, inawotcheredwa pati, ndi chiyani chinasinthidwa, liti, ndi ndani. Pomasula, chidutswa chilichonse chimalembedwa nambala kuti chikabwerere pamalo pake. Kumalo atsopano amathira maziko ena, ndipo nthawi zambiri mawaya, masensa ndi kompyuta amaikanso zina, chifukwa chitsulo chimakhalitsa kuposa zamagetsi. N'chifukwa chake mtengo wogulira umangokhala chiyambi chabe cha ndalama zonse.

Nanga makina akale akangosiyidwa kuti aziyenda popanda chisamaliro chotere? Yankho lake ndi lomvetsa chisoni. Pa 25 Okutobala 2016, ku Dreamworld ku Gold Coast m'dziko la Australia, anthu anayi anafa pa Thunder River Rapids, sewero la mabwato ozungulira limene linatsegulidwa mu 1986. Pampu inazima, madzi anatsika, bwato lina linakakamira, linzake linaligunda n'kugubuduzika. Pampu yomweyo inali itavutapo kale tsiku lomwelo. Kafukufuku wa boma amene anatuluka mu 2020 anadzudzula kwambiri kasungidwe ka mabuku ndi kayendetsedwe ka chitetezo pamalopo, ndipo kampani ya eni pakiyo inalipitsidwa madola a ku Australia 3.6 miliyoni. Zaka 30 pazokha sizinaphe munthu, popeza Golden Loop ndi wamkulu kuposa pamenepo. Chinasowa ndi munthu wonena kuti, "Pampuyi yazima kawiri, lero titseke." Ndikaganiza zimenezi, sindidandaula kwenikweni kuti Ratanga inatsekedwa. Paki yotsekedwa imawawa mtima wa mwana, koma paki yoyenda mokakamiza, ndalama zokonzera zikuchepa chaka ndi chaka, ndi yoopsa kuposa.

Holide ikubwerayi ambiri titenga ana kupita ku Gold Reef City, ena ku Alton Towers kapena Blackpool, ena ku timasewera toyendayenda tija amaika pamalo oimika magalimoto kumashopu. Musamayang'ane penti yokha, paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Onani ngati woyendetsa akugwira chotchingira cha mpando uliwonse ndi dzanja lake, kapena maso ali pafoni. Onani ngati mawaya amagetsi ali otchingidwa bwino pansi. Amene muli ku Britain mungathe kufunsa ngati makinawo ali ndi chiphaso cha ADIPS, chomwe chimaperekedwa akapimidwa chaka ndi chaka. Mwana akaperewera msinkhu musakangane ndi wa pakhomo, chifukwa chotchingira chija chinapangidwira thupi la muyezo winawake. Ndipo mukapeza chikwangwani choti sewero lina latsekedwa likukonzedwa, musakwiye kwambiri. Pamenepo pali munthu amene akugwira ntchito yake.

Palinso phunziro lina la ife tomwe. Tonse timatumiza katundu kumudzi: laputopu yakale ya kuofesi, foni, furiji, jenereta, nthawi zina galimoto. Timakweza pa basi kapena kwa matransipota mtima uli mbee, ndipo abale amalandira ndi manja awiri. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi chinthu chija chili pamwamba pa kabati, chifukwa chaja inapsa ndipo yamtundu wake sipezeka ku Limbe, kapena pasiwedi inatsala ndi mwini wake woyamba. Cobra anafika ku Iowa n'kuyambanso kuyenda chifukwa kumeneko kunali anthu okonzeka kumusamala, ndiponso kampani yoti n'kuiimbira foni.

Ndiye laputopu ikamachoka m'manja mwanga kupita kwa mlamu kapena mphwanga, ndimasankha mtundu wofala ngati Dell, HP kapena Lenovo, osati wokongola wosowa masipeya. Ndimaikamo chaja yachiwiri. Pansi pake ndimamata kapepala kolembapo chaka chimene inagulidwa, zimene ndasintha, nambala ya batire yake, ndi tsiku loti adzaitsegule kupukuta fumbi. Kenako ndimafunsa funso limene ogula ma roller coaster amayamba nalo asanatulutse ndalama: "Alamu, ikavuta, kumeneko aikonza ndani?" Akatchula munthu, ndimatumiza. Akakhala chete, timayamba tapeza munthuyo.