Chala Chakuda ndi Inki

Ana anga, inu amene munabadwa sukulu ya pulayimale ili kale yaulere kuchokera mu 1994, simudziwa manyazi amene chala chachikulu chakumanja chinkasenza. Kale mayi akapita ku positi ofesi kukalandira ndalama zimene bambo atumiza kuchokera ku Joni, kalaliki ankamufunsa pamaso pa anthu onse a pamzere ngati amatha kusayina, ndipo mayiyo akangozyolika, ankamugwira dzanja, n'kupaka chalacho inki, n'kuchidinda papepala. Inkiyo sinkachoka msanga. Ankakwera nayo basi ya UTM mpaka ku Ndirande ataibisa m'chitenje, poopa kuti anzake a pampando aona.

Koma chowawa kwambiri chinali kalata. Amuna ambiri a nthawi imeneyo anali ku migodi, atapita kudzera ku Wenela, ena ali ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo banja lonse linkakhalira pa kapepala kobwera mu envulopu. Azakhali anga, amene ankagulitsa zitumbuwa pa Chinseu, ankaitana kamnyamata ka pa nyumba yoyandikana nayo kuti kawawerengere, n'kukalipira chitumbuwa chimodzi. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa: kamnyamatako kankadumpha mawu ovuta, kankaseka pa mawu achikondi, ndipo pofika madzulo mzere wonse wa nyumba unali utadziwa kuti amuna awo atumiza zingati ndiponso akudandaula chiyani. Tsiku limene azakhaliwo anayamba sukulu ya kwacha sananene kuti akufuna ntchito kapena satifiketi. Anangoti, "Ndatopa kubwereka maso a ana a eni."

Sukulu ya kwacha inalibe belu kapena yunifolomu. Inkayamba masana, nsima itadyedwa, mbale zitatsukidwa, ndipo malo ake anali paliponse pamene papezeka mthunzi: m'tchalitchi cha udzu ku Bangwe, m'kalasi imene ana atulukamo ku Zingwangwa, pansi pa mtengo wa mango ku Chilomoni, phiri la Michiru likuyang'ana. Ndikatseka maso ndimamvabe fungo lake, la choko chosakanikirana ndi utsi wa nkhuni umene unakhazikika m'zovala za amayi, ndi mafuta a Vaseline pa masaya a makanda ogona kumsana. Mlangizi ankakoleka bolodi pa msomali, n'kuloza ndi kabango, ndipo amayi a imvi, anamkungwi amene mudzi wonse unkawaopa, ankayankha pamodzi "a, e, i, o, u" mosanyinyirika. Zala zozolowera mpini ndi munsi zinkagwira pensulo mwamphamvu mpaka kope kubooka. Ankasekana, inde, koma kunali kuseka kwa anthu amene asenza denga limodzi.

Mu 1986 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga, ndipo kunabwera mabuku otchedwa Chuma ndi Moyo, amene ankaphunzitsa zilembo pamodzi ndi za ulimi, za ukhondo ndi kawerengedwe ka ndalama. Amayi a geni anawakonda pa chifukwa cha masamu, pakuti wodziwa kulemba ngongole m'kope sanamizidwa ndi wokongola. Abambo okha ndiwo ankazemba. Kukhala pa benchi limodzi ndi akazi, n'kulephera chilembo chimene mkazi wako wachikhoza, ambiri zinkawakanika, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Abambo amene anali atalawako sukulu anali ndi njira yawo. Malawi Correspondence College inayamba mu 1965 kuno ku Blantyre, ndipo ife tinkangoti MCC. Maphunziro ankabwera osindikizidwa, tinkawatcha maseti, ndipo ena ankamveka pa wailesi ya MBC. Munthu ankaweruka ku David Whitehead thonje lili m'tsitsi, n'kungosamba kumaso, n'kuthamangira ku sukulu ya usiku. Pobwerako ankakhala pa mphasa ndi koloboyi mpaka palafini kutha, m'mawa mphuno zili bii ndi mwaye. Ndinadziwa alonda, mamesenjala ndi ophika m'nyumba za azungu ku Sunnyside ndi ku Namiwawa amene anakhoza JC ana awo ali kale ku pulayimale, pang'onopang'ono ndi mtolo. Sukuluyi inasintha dzina mu 1987 kukhala Malawi College of Distance Education, ndipo malo ake ambiri ophunzirira ndiwo anasanduka ma CDSS amene adzukulu anga akupitako lero, osadziwa kuti mabenchi oyamba anakhalapo ndi anthu a ndevu.

Tsono wodziwa kuwerenga amafuna chowerenga, ndipo apa m'pamene laibulale inalowera. National Library Service inayamba ntchito mu 1968, ndipo Loweruka tinkatsika wapansi kuchokera ku Ndirande kupita ku nthambi yake ya m'tauni, titapukuta fumbi kumapazi tisanalowe. Mkati munali zii, mukununkhira polishi wa pansi ndi mapepala akale. Chimene chinkatidabwitsa n'choti munthu wopanda nsapato ankaloledwa kutenga buku kupita nalo kunyumba, atangomudindira tsiku lobweza pa kapepala ka mkati. Palibe ofesi ina imene inkatikhulupirira motero. Tinkawerenga Nthondo wa Samuel Nthara, Kukula ndi Mwambo wa John Gwengwe, kenako Njala Bwana wa Willie Zingani, ndipo buku limodzi linkazungulira nyumba zingapo lisanabwerere, litakutidwa ndi pepala la simenti kuti lisade. Amene anali atangomaliza kwacha ankayambira pa Boma Lathu ndi magazini ya Moni ya ku Limbe, akutsata mzere ndi chala, milomo ikugwedera. Nyuzipepala inkawerengedwa yonse, ndi zidziwitso za maliro zomwe, isanakakulunge usipa.

Sindikunena kuti lero kulibe ophunzira. Ndimaona achinyamata a ku Machinjiri akuwerenga pa foni usiku, ndipo tonse tinamva za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi anakapeza buku m'kalaibulale ka kwawo n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Koma amene amadzaza mipando ya laibulale masiku ano ambiri ndi ana a mayeso, ndipo mayeso akatha sabweranso. Munthu wamkulu wowerenga chifukwa chongofuna kudziwa anthu amamuyesa wosowa chochita. Mtengo wa minibasi kuchokera ku Bangwe kupita m'tauni ndi kubwerako nawonso umagula ndiwo za tsiku.

Ndipo umbuli uja wabweranso utavala malaya ena. Anzanga amene anakhoza kwacha, odziwa kusayina dzina lawo mokongola, lero amaima pa kakhumbi ka Airtel Money kapena Mpamba atapatsira mdzukulu foni, n'kumunong'oneza nambala yachinsinsi kuti awatapire ndalama zimene mwana watumiza kuchokera ku Cape Town. Mdzukuluyo amadziwa zimene zalowa agogo ake asanadziwe, ndipo nthawi zina zimafika zitaperewera. Mlangizi atati akoleke bolodi lake m'tchalitchi Lachitatu masana kuti atiphunzitse mabatani amenewa, ine ndingakhale pa benchi la kutsogolo, ndipo ulendo uno abambo anzanga ndikawatenga kunyumba zawo ndekha.