Masamu a pa keke ya bambo

Bambo anga anabadwa m'chaka cha njala ya 1949. Tsiku lenileni palibe amalidziwa. Lomwe lili pa chiphaso chawo cha unzika, chimene analembetsa mu 2017, linali longoyerekeza. Komabe mu 2024 ife ana awo tinagwirizana zowagulira keke yokondwerera zaka 75, yoyamba m'moyo wawo. Pokhala mzime, komanso munthu wodya za kulemba, ntchito yosankha zolemba pamwamba pa kekeyo inagwera ine.

Sindinafune kungolemba 75. Bambo sukulu analekezera Sitandade 4, koma ndiwo anandiphunzitsa kuwerengera, pogwiritsa ntchito njere za chimanga pa lichero. Ndinafuna kuwathokoza m'chinenero cha masamu. Choncho ndinalemba pa pepala 3 × 5², n'kupita nalo kwa mayi wina wophika makeke mumzinda wa Lilongwe, uku ndikudzimva kuti ndine wophunzira.

Mayiyo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Achimwene," anatero, "ka 2 aka kakasungunuka pang'ono, anthu awerenga 52. Ndiye kuti bambo anuwo akwanitsa zaka 156." Tinaseka tonse. Koma ndili m'minibasi pobwerera, kuseka kuja kunandithera. Ndinawaona bambo m'maganizo, ataimirira pamaso pa adzukulu, apongozi ndi anyakwawa, akufunsidwa kuti awerenge zolembedwa pa keke yawo, iwo n'kukhala kakasi. Ndikanawachititsa manyazi pa tsiku lawo, chifukwa chongofuna kuonetsa digiri yanga. Chokhumudwitsa n'chakuti vuto lomweli ndimadzudzula nalo anzanga kuntchito, tikamalemba timapepala ta alimi todzaza ndi mawu oti timamva tokha.

Yankho linachokera kumunda. Kale bambo ankaunga mizere motalikirana masentimita 90, mapando masentimita 90, njere zitatu pa phando. Alangizi atabwera ndi kabzalidwe kamene alimi timangokatcha Sasakawa, ka mizere ya masentimita 75, mapando a masentimita 25 ndi njere imodzi pa phando, bambo anakana kwa zaka ziwiri. Ankati n'kutaya nthawi, ndipo kunena zoona msana umapwetekadi. Anagonja atawerenga okha mapesi m'chigawo choyeserera. Pa pepala kusiyana kwake n'kwa mapesi pafupifupi 37,000 ndi 53,000 pa hekitala, koma iwo sanafune pepala. Anasema kamtengo ka masentimita 25, ndipo mpaka lero amayeza nako zonse: kamodzi ndi phando, katatu ndi mzere.

Ndinaimbira mayi uja foni kuti alembe 25 + 25 + 25.

Pa tsikulo kwathu ku Dowa, achemwali anga anaika kekeyo pa tebulo pansi pa mtengo wa mango, ana akukankhana kuti aone. Bambo anavala magalasi, n'kuwerama. Milomo yawo inagwedera mwakachetechete, chala chikuyenda pamwamba pa manambalawo osawakhudza. Kenaka anadzuka.

"Amenewa ndi mapando atatu," anatero. "Ndiye kuti ndangoyenda mzere umodzi basi?"

Anthu anafa nacho chiseko. Asanadule, anatuma mdzukulu wawo wamkazi wa Sitandade 3 kukatenga kamtengo kaja kuseri kwa chitseko, namuuza kuti awonkhetse yekha mokweza, onse amve.