Clutch ya njinga ya kaunjika

Njinga zamoto zambiri zimene zimalowa pagalaja yanga kuno ku Furancungo zinayamba zatumikira munthu wina. Zina ndi ma Honda XL125 ndi ma Yamaha AG200 amene alangizi a fodya ndi a m'mabungwe anayendera mpaka kutopa nawo, kenako n'kugulitsidwa. Zina ndi za ku China ndi ku India, ma Lifan ndi ma Boxer, zimene anyamata a kabaza amagulitsana okhaokha, ina yolowera ku Calomue, ina ku Biriwiri. Wogula amayang'ana matayala ndi penti, n'kumvetsera kulira kwa injini. Clutch saiona poti ili m'kati, koma ndi imene imayamba kumuliza.

Kuno ku Macanga ndi ku Tsangano n'kumapiri, ndipo njinga sidya zaulere. Ina imachoka ku Chidzolomondo itasenza fodya, ina ku Ntengo-wa-Mbalame ndi matumba awiri a mbatatesi, mwiniwake atakhalira pathanki. Akafika pachitunda, woyendetsa amachita ulesi kutsitsa giya, amangofinya clutch theka kuti injini isazime. M'katimo muli mapuleti a mitundu iwiri osanjikizana, lachitsulo chokha kenako lomatidwa tizigamba tokhakhala, onse opanikizidwa ndi masipuling'i ndipo akusambira mu oyilo. Ukafinya chogwirira mpaka kumapeto amalekana, ukachisiya amagwirana. Ukachigwira theka amangopekesana, n'kumatentha, n'kumadyeka. Mwini woyamba akachita zimenezi kwa zaka, wolipira amadzakhala wachiwiri.

Odwala anga amabwera ndi madandaulo awiri. Wina amati, "Amisiri, ikungolira koma sikuthamanga." Imeneyo clutch ikuterereka. Wina amati, "Ndikalowetsa giya wani ikudumpha, ndipo ndikaima nyutulo sakupezeka." Imeneyo mapuleti akukakamirana. Onse awiri amafika ataweruza kale kuti mapuleti atha, ena atagula ndi kugula komwe. Ine sinditsegula injini ndisanagwire kebulo.

Chogwirira cha clutch chimayenera kusewera pang'ono chisanayambe kukoka, mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga kwake pa njinga ngati XL125. Kebulo ikakungika kwambiri, mapuleti sagwirana mokwanira ndipo njinga imaterereka ngakhale ali atsopano. Ikalekerera kwambiri, salekana. Palinso kebulo youma ndi fumbi la mu Okutobala, kapena yoduka timawaya m'kati, imene imakoka koma osabwerera bwino. Kukonza kebulo ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo munthu amachoka akudabwa kuti ndamulipiritsa zochepa chotere. Mmisiri wadyera akanamutsegulira injini yonse.

Kebulo ikakhala bwino ndimafunsa kuti, "Achimwene, munathira oyilo wanji?" Yankho limakhala lakuti wa m'botolo la pamsika. Oyilo wina wa galimoto amathiridwa mankhwala oterera kwambiri kuti injini isamadye petulo. M'galimoto n'zabwino, chifukwa clutch yake ndi youma ndipo ili payokha. M'njinga oyilo yemweyo amanyowetsa mapuleti, basi amayamba kuterereka. Pachigubu payenera kulembedwa JASO MA. Oyilo wolemera kwambiri nayenso ali ndi mlandu wake: m'mawa wa mu Juni, kuzizira kwa kuno kutafika pachimake, amamata mapuleti moti njinga imazima ukangoponda giya. Nthawi ya dzinja ndimakhuthula oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, chizindikiro chakuti njinga inawoloka mtsinje madzi n'kulowa. Ameneyo amadyetsa dzimbiri mapuleti achitsulo.

Zikakanika zonsezi m'pamene ndimayala nsalu pansi, kukhuthula oyilo n'kutsegula chivundikiro cha kumanja. Pa Honda ndi abale ake a ku China, kutsogolo kwa clutch kuli kachitsulo kozungulira kamene kamasefa oyilo, komangidwa ndi nati ya mipata inayi. Natiyo ili ndi sipanala yakeyake. Ndikaipeza yotemekatemeka ndimadziwa kuti wina anafikapo kale ndi tchizulo ndi hamala, ndipo ndimakonzekera kuona zachilendo. M'kasefayo mumakhala thope lakuda lolimba, lina ndi fumbi la mapuleti omwewo, ndipo ndimalikokota ndisanapitirire.

Zachilendo zimene ndikunenazi ndi mawashala. Munthu akafuna kugulitsa njinga yoterereka, amaika washala pansi pa sipuling'i iliyonse kuti ipanikize kwambiri. Pa tsiku loyesa njinga imakoka bwinobwino, kungoti chogwirira chimalimba. Pakatha mwezi, wogulitsa ali kutali, matenda amabwerera. Ena amasakaniza mapuleti a njinga zosiyana, ena amapala mapuleti opsa ndi sandipepa kuti aoneke amoyo. Sindinena kuti onse ndi akuba. Munthu ali kumudzi, sitolo ya zipangizo ili ku Ulongwe kapena ku Tete, amachita zoti afike kwawo. Choipa n'kusamuuza wogula.

Puleti lokhakhala la njinga za 125 limakhala pafupifupi mamilimita 3 likadali latsopano, ndipo likatsika kufika pa 2.6 latha ntchito. Lachitsulo ndimaligoneka pa galasi n'kuyesa kulowetsa pansi pake kachitsulo kopyapyala koyezera mavalavu. Ka mamilimita 0.2 kakalowa ndiye kuti lapindika, ndipo lopindika silidzalekana bwino ndi linzake ngakhale mutakunga kebulo chotani. Likasanduka labuluu ndiye kuti linapsa. Masipuling'i ndimawaimika pafupi ndi yatsopano, yofupika imaonekera yokha, ndipo ndimasintha onse pamodzi.

Pamene ambiri sayang'ana ndi pa basiketi, chitsulo cha aluminiyamu chokhala ndi zala chimene mapuleti amakhalamo. Makutu a mapuleti amamenya zalazo mpaka kukumba timipata. Ukayendetsapo chikhadabo chimakodwa. Puleti nalonso limakodwa momwemo, ndiye clutch imagwira modzidzimutsa kapena kukana kulekana. Timipata tikakhala tosazama ndimasalaza ndi tupa, modekha, zala zonse mofanana, chifukwa chala chimodzi chikapalidwa kwambiri zotsalazo zimasenza katundu zokha. Tikazama, basiketiyo ndi yotaya. Mapuleti atsopano ndimawaviika mu oyilo ndisanawaike, ndipo mabawuti a masipuling'i ndimamanga mopingasa, pang'onopang'ono. Ndi ang'onoang'ono, mnyamata wamphamvu amawadula asanazindikire.

Njinga ina imene sindidzaiiwala anabwera nayo bambo wina wochokera ku Joni. Inali Yamaha TY175, ya m'zaka za m'ma 1970, yopangidwira masewera otchedwa trials, amene munthu amakwera miyala ndi zitsa ataimirira, osaponda pansi. Ndi yopepuka, kampando kochepa, magiya oyamba afupiafupi. M'masewerawo chala sichichoka pa clutch, choncho basiketi yake inali yokumbika kuposa za kabaza. Inali itakhalanso nthawi yaitali osayenda, mapuleti atamatana kukhala chinthu chimodzi, moti ndinachita kuwalekanitsa ndi mpeni. Injini yake ndi ya two-stroke, yapachibale ndi ya DT175. Oyilo wa 2T amapsa limodzi ndi petulo, pamene clutch ndi magiya zili ndi oyilo wawo, ndipo mmenemo wina anali atathiramo oyilo wolemera wa m'difu ya galimoto. Ndinawapatsa mapuleti akale kuti akayerekeze ndi a DT kusitolo, awerenge makutu ndi mano asanalipire. Itatha, inkakwera chitunda chamiyala pang'onopang'ono osatsamwa. Bambowo ankafuna kumanyamulira chimanga, ndinawauza kuti imeneyo sinabadwire katundu.

Inu amene mukusunga ndalama za fodya kuti mugule njinga ya kaunjika, yesani clutch musanatulutse metical ngakhale imodzi. Injini iyambe yatentha. Muyende nayo pa giya yapamwamba pachitunda, mutsegule moto wonse, mumve ngati kulira kukukwera liwiro lili pomwepo. Muime, injini ikulira, mufune nyutulo. Chogwirira chikakhala cholimba modabwitsa, funsani chifukwa chake. Mutulutsenso kamtengo koyezera oyilo muone mtundu wake ndi kununkhiza. Wogulitsa akakana kuti muyese zimenezi, musiyireni njinga yake.