Filimu ndimaionera kawiri

Filimu iliyonse imene ndikufuna kuiunika ndimaionera kawiri. Ulendo woyamba ndimakhala ngati munthu wina aliyense, kuseka pamene anzanga akuseka, kugwira pakamwa zinthu zikafika povuta. Ulendo wachiwiri m'pamene ndimatulutsa kope ndi cholembera. Kulemba mumdima ndinakuzolowera kalekale: maso ali pa kanema, dzanja likuyenda lokha, mizere n'kumakwerana. Kukacha ndimakhala pakhonde kumasula zimene ndinalembazo.

Ndinayambira ku nyuzipepala. Tsamba la zamsangalutso linali la oimba ndi a zisudzo, ife a mafilimu tinkangopatsidwa kakona. Otsatsa malonda akabwera mochedwa, akonzi ankadula nkhani yanga kuyambira kumunsi, choncho ndinaphunzira msanga kuika chigamulo m'ndime yoyamba. China ndinachiphunzira mowawa. Tsiku lina ndinaulula mathero a filimu, ndipo mayi wina anandiimitsa pa depoti. "Achimwene, mwatidyera ndiwo, ife mwatisiyira nsima yokha." Sindinabwerezenso.

Seasons of a Life ya Shemu Joyah itatuluka ndinamva kuti ntchito yanga yapeza mwini wake. Nkhani yake ndi ya mtsikana wantchito amene anabereka mwana wa bwana wake, mwanayo n'kuleredwa ndi banja la bwanalo, iye n'kudzabwera patapita zaka kudzamufuna kukhoti. Flora Suya anasewera mbali imeneyo ndi maso kuposa pakamwa. Mu 2012 kunabwera The Last Fishing Boat, ya asodzi a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi ndi alendo odzaona malo. Apa ndinkalemba za anthu oti ndikhoza kukumana nawo mumsewu mawa lake, ndipo kunena kuti chakuti sichinayende bwino kunkafuna mtima.

Wailesi ya kanema inafika kwathu kuno mu 1999. Nditayamba kuitanidwa kumapologalamu ankandipatsa mphindi zitatu, mnyamata wa kuseri kwa kamera akundiwerengera ndi zala. Koma kumeneko ndinapeza chimene pepala silikanandipatsa: kuonetsa kachigawo ka filimu n'kunena kuti tamverani. Mafilimu athu ambiri amagwera pa mawu. Chithunzi chimakhala choyera bwino, koma mphepo ikuwomba mu maikolofoni, jenereta ikulira kuseri, mawu a wosewera n'kumamveka ngati ali m'chitsime.

Pa intaneti palibe wondidula, kotero lumo ndimagwira ndekha. Kumeneko ndi kumene ndinalembako za The Boy Who Harnessed the Wind, imene inatuluka pa Netflix mu 2019. Chiwetel Ejiofor anaitsogolera n'kuseweranso ngati bambo ake a William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu amene anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. William anaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Olemba a ku London ndi New York anaiyamikira, ndipo sanalakwe: njala ya 2002 anaijambula moti aliyense amene anaiona amakumbukira mizere ya pa ADMARC. Koma iwo ankawerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi mwa kanema, ife tinkamva ndi makutu. Chichewa cha osewera akuluakulu chinali cholemera lilime, mawu akukwera pofunika kutsika. Ndinalemba zonse ziwiri, kuyamika khama lophunzira chilankhulo chathu ndi kudandaula kuti pamalo ena olira, khutu linkanditulutsa m'nkhani. Zimenezi wa ku London sakanazimva, zinkafuna mmodzi wa ife.

Ena amati wounika mafilimu ndi munthu wansanje amene zinamukanika kujambula yake. Ine ndimadziwa kuti ambiri amajambula ndi ndalama za m'thumba mwawo, n'chifukwa chake sindilemba filimu yomwe ndaionera kamodzi kokha. Inu achinyamata amene mukukonzekera kujambula chaka chino, musanagule kamera yachiwiri, yambani mwagula maikolofoni yabwino.