Malire a pa Lizulu

Kwathu ku Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambique. Munthu amaoloka ngati akukagula kabichi, ndipo ozembetsa anthu amadziwa zimenezi. Amanamiza achinyamata kuti ku Joni ntchito ndi mbwee. Mu 2022 mitembo pafupifupi 30 ya anthu a ku Ethiopia inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba.

Lamulo loletsa malonda a anthu lilipo kuyambira 2015, ndipo bungwe la UNODC laphunzitsako apolisi athu. Pempho langa n'lakuti mtsikana wopulumutsidwa asaponyedwe m'chitokosi ngati mbava chifukwa alibe pasipoti. Ayambe wadya, kenaka amfunse wapolisi wamkazi, pakuti wamantha salankhula. Pa 8 February, tsiku la Bakhita Woyera, amene anagulitsidwa ali mwana ku Sudan, tidzawapempherere apolisiwo.