Mapiri a kutsidya anasowa mu utsi

Ndinakwera sitima ya Ilala ku Nkhata Bay kumapeto kwa Okutobala ndili ndi cholinga chimodzi: kukapumitsa chifuwa changa ku Likoma. Ndine wa mphumu, ndipo fumbi la ku Lilongwe limandizunza chilimwe chilichonse. Ndinkakhulupirira kuti malo ozunguliridwa ndi madzi sangakhale ndi mpweya woipa.

Kutacha ndinaima pagombe la Mbamba n'kuyang'ana kum'mawa. Mtunda wa Mozambique uli pafupi, moti mabwato a ku Cobue amabwera ndi kubwerera tsiku lomwelo, koma mapiri ake ankangooneka mwachizimezime, ngati akutidwa ndi nsalu yotuwa. Dzuwa linatuluka lofiira ngati khala, loti munthu n'kuliyang'ana osatsinzina. Msodzi wina amene ankasoka ukonde pamchenga atandiona ndikudabwa anati, "Achimwene, umenewo ndi utsi wa lupsa. Mudikire mvula."

Utsiwo sunali wa pachilumba. Likoma ndi kamalo ka masikweya kilomita 18 okha, kamiyala, ka milambe ndi mango, kopanda tchire lalikulu loti n'kupsa. Moto umayaka kumtunda, m'nkhalango za chigawo cha Niassa, komanso kwathu ku Malawi ndi ku Tanzania, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itagwa. Usiku nthaka imazizira msanga kuposa madzi, ndiye mpweya wozizira umatsetsereka m'mapiri kulowa panyanja, utanyamula utsi. Chilumba chili panjira pomwepo. Usiku wachiwiri ndinaona mizere ya moto ikuyaka pamapiri a kutsidya, ndipo m'mawa mwake ndinadzuka kukhosi kukukanda.

Amayi a nyumba imene ndinafikira anandiuza kuti ndinalakwitsa mwezi. Ndikanabwera nthawi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mphepo yochokera kum'mwera imasesa nyanja yonse, thambo n'kuyera mbee. Asodzi amaiopa mphepoyi chifukwa cha mafunde ake, ndipo imautsa fumbi m'misewu yadothi, komabe utsi siulola kukhazikika. Vuto la miyezi imeneyo lili m'mawa mozizira mphepo ikaleka: mpweya wozizira ndi wolemera, umakhala pansi, ndipo utsi wa m'makhitchini umangoyandama pamadenga m'malo motsika, osakwera kumwamba mpaka dzuwa litatentha.

Tsiku lachitatu ndinaona mizati yakuda itaima pamadzi chapatali. Ndinadzidzimuka, poganiza kuti boti lapsa. Zinali nkhungu, tizilombo touluka timene timaswana pansi pa nyanja n'kutuluka miyandamiyanda nthawi imodzi. Mphepo ikatikankhira kumtunda, amayi amatikola ndi madengu n'kutiumba timitanda ta ndiwo. Apanyanja amaulambalala mtambowo chifukwa timalowa m'mphuno ndi m'kamwa. Mtambo umenewu sindinadandaule nawo, pakuti umadyetsa anthu.

Utsi umene unandikhudza mtima ndinaupeza kuseri kwa nyumba. Madzulo ndinapita kukacheza ndi amayi aja m'khitchini, kanyumba kakang'ono kopanda zenera, komangidwa motero dala kuti mwera usamazimitse moto. Denga lonse linali bii ndi mwaye. Ndinakhalamo mphindi zochepa, misozi ili chuchuchu, n'kuthawira panja. Iwo anapitiriza kuvundula nsima, mdzukulu ali kumsana. Nkhuni zambiri pano zimawoloka pamabwato kuchokera ku Mozambique ndipo n'zogula, choncho mayi amasonkhezera chilichonse chimene chapezeka, chouma ndi chosauma chomwe. Magetsi alipo, a dzuwa ndi a majenereta, koma mphika ukadali pamafuwa. Kugombe nako, usipa amauyanika pamathandala, pomwe nsomba zikuluzikulu amaziwamba pamoto, ndipo wowambayo amaweramira mu utsi kwa maola ambiri. Ine ndinali mlendo wodandaula ndi utsi wa miyezi itatu wochokera kutsidya, pamene mayiyu amapuma wake katatu patsiku, chaka chonse. Zimandiwawa kuti tikamakamba za mpweya woipa timathamangira kutchula magalimoto a m'mizinda, khitchini ngati iyi osaikumbuka.

Lamulungu ndinakapemphera ku St Peter's, tchalitchi chachikulu chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo oganiziridwa ufiti. M'kati mwa makoma ake amiyala munali mozizira bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo ndinapuma osamva kulira m'chifuwa.

Usiku womwewo kunagunda, kenako kunagwa chizimalupsa, mvula ya kanthawi kochepa. M'mawa mapiri a Mozambique anaonekera bwinobwino, zigwa zake ndi zipsera zakuda za moto, ngati asendera pafupi usiku. Ndinanyamula chikwama n'kupita kukatsanzika. Amayi aja anatulukira pakhomo la khitchini akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, nandipatsa kaphukusi ka usipa koti ndikapatse akunyumba.