Magazi a Kumaso Akakana Kuleka

Tsoka silinunkha, anatero makolo. Ife amene tikhala m'mbali mwa mseu wa Great East, pakati pa Katete ndi Chipata, tidziwa bwino tanthauzo la mau amenewa. Mabasi ndi malole tinawazolowera kale, koma m'zaka zapitazi njinga zamoto zacuruka kwambiri, ndipo anyamata athu ambiri apezerapo cakudya ponyamula anthu ndi katundu. Njinga yamoto ilibe cipupa, ilibe denga. Ikagunda cinthu munthu amaponyedwa kutsogolo, ndipo kawirikawiri cimene cimayamba kufika pansi ndi nkhope.

Bala la pamwendo kapena pamkono ndi loopsa ndithu, koma liri poonekera: mukhoza kulikanikiza ndi nsalu, mukhoza kulimanga. Za nkhope n'zina. Mitsempha yake ya magazi ndi yambiri, yolukanalukana ngati mizu ya nsungwi, ndipo ina inabisala kuseri kwa mafupa a mphuno ndi a nsagwada ya kumwamba, kumene cala sicingafike. Mu 1901 dotolo wa ku France, René Le Fort, anaonetsa kuti mafupa a pakati pa nkhope amakonda kuthyoka motsata mizere itatu yofooka, ndipo mpaka lero madotolo amachula kuthyoka kumeneku ndi dzina lake. Fupa likathyoka motero likhoza kung'amba mtsempha wobisika uja. Pamenepo magazi amaturuka m'mphuno ndi m'kamwa, ena natsikira kummero. Munthu wamkulu ali ndi malita a magazi pafupifupi 5. Akataya malita 2, moyo wake uli pa ngozi yaikulu. Kuonjezera apo, magazi omwewo akhoza kumtsamwitsa asanathe n'komwe m'thupi.

Zimenezi tinaziphunzira tiri pa benchi ya m'cipatala, usiku wina m'nyengo yokolola. Mphwathu, mwana wa mlongo wathu, anagunda ngolo ya ng'ombe dzuwa litalowa. Madotolo anamuika paipi yopumira, analonga nsalu zoyera m'mphuno mwake, analowetsanso timapaipi tokhala ndi tibaluni kuti tikatseke kuseri kwa mphuno, namupatsa magazi. Kutatsala pang'ono kuca dotolo anaturuka nati, "Atate, magazi aleka, mnyamata wanu akhala ndi moyo. Koma akadakana kuleka, tikadafuna kumtumiza kumene kuli makina, kuti akatseke mtsemphawo ca m'kati." Tinadabwa. Kodi mtsempha angautseke bwanji ca m'kati popanda kung'amba nkhope? Dotoloyo anatijambulira papepala, ndipo kucokera tsiku limenelo takhala tikufunsa ndi kuwerenga.

Aliyense amene analimapo dimba akhoza kumva msanga za njira imeneyi. Ngalande ikaboola mgula pakati pa mbeu, mlimi wanzeru salimbana ndi matope pamene madzi ali kusefukira. Amapita kumtunda, pamene ngalandeyo ipatukira, natsekapo ndi cibuma. Madotolo nawonso amacita cimodzimodzi, ndipo njirayi amaicha embolization. Wovulala amamgoneka pansi pa makina a X-ray. Dotolo amabaya singano pa mtsempha waukulu wa pamwamba pa nchafu, nalowetsamo kawaya kofewa, ndipo motsata kawayako amalowetsa kapaipi kakatali kochedwa catheter. Akuyang'ana pa galasi longa la wailesi ya kanema, amakayendetsa m'kati mwa mtsempha waukulu wa thupi, kudutsa pamimba ndi pacifuwa mpaka m'khosi.

M'khosimo muli mphambano imene ifunika kusamala kwambiri. Mtsempha wochedwa carotid umagawika pawiri: nthambi imodzi imapita ku ubongo ndi ku diso, ina imadyetsa nkhope. Dotolo amatsata ya kunkhope. Amapopera mankhwala amene amaoneka pa X-ray, ndipo pamene mtsempha unang'ambika mankhwalawo amaoneka akufwamphuka ngati utsi. Nthawi zambiri wolakwa ndi mtsempha wa maxillary, umene udutsa kuseri kwa nsagwada ya kumwamba. Kenaka amalowetsa kapaipi kena kakang'ono kopambana, kosakwana milimita imodzi, kufikira pafupi ndi balalo, natulutsiramo cibuma cake. Cikhoza kukhala tizidutswa ta gelatin timene timasungunuka patapita masabata owerengeka, kapena timawaya topotana ta platinum timene timakhala momwemo mpaka kalekale, kapenanso guluu wa cipatala. Magazi amaundana pamenepo, mtsempha nutsekeka. Kawirikawiri amaonanso mbali ina ya nkhope, pakuti mitsempha ya kumanja ndi ya kumanzere imathandizana. Kuthandizana kumeneku ndiko kumacititsa kuti nkhope isafe pamene mtsempha umodzi watsekedwa.

Nzeru imeneyi sinabadwe tsiku limodzi. Mu 1953 Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden anapeza njira ija ya singano, kawaya ndi kapaipi. Mu 1964, ku Portland m'dziko la America, Charles Dotter anatsegula ndi kapaipi mtsempha wa pamwendo umene unali utapanikizika. Posakhalitsa iye ndi anzake anaona kuti cida cotsegulira cikhozanso kutseka: mu 1972 Josef Rösch, Dotter ndi mnzao wina analengeza kuti anaimitsa magazi oturuka m'cifu potseka mtsempha ndi magazi oundana a wodwala yemweyo. Mu 1974 njirayi inagwira nchito pa kamfuno wokana mankhwala, ndipo mu 1975 Cesare Gianturco anabweretsa timawaya topotana tija. Kale madotolo anali kung'amba khosi ndi kumanga nthambi yonse ya kunkhope, koma nthawi zina magazi anali kubwereranso podzera mbali ina, monga madzi apezera njira yao.

Tisaganize kuti njirayi iribe zoopsa. Pali timitsempha tating'ono tolumikiza nthambi ya kunkhope ndi ya ku ubongo. Kacidutswa kakasocera kumeneko, munthu akhoza kucita khungu diso limodzi kapena kufa ziwalo. Mitsempha ina ya pamwamba pa mphuno imacokera ku mtsempha wa diso, kotero imeneyo madotolo amasankha kuimanga pocita opareshoni. N'cifukwa cake njira ya kapaipi amaisungira ovulala ochepa amene magazi ao akana kuleka atayesa kulonga nsalu ndi kubwezera mafupa m'malo mwake. Mwa ambiri a iwowa magazi amaleka ndithu.

Koma pali cinthu cimodzi cimene sicicoka m'maganizo mwathu. Makina otere ndi akatswiri ake apezeka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, kutali ndi pamene ngozi zathu zicitikira. Kapaipi kaja, ngakhale kakhale ka nzeru zotani, kathandiza munthu yekhayo amene wafika akali kupuma. Pakati pa mseu ndi thebulo la dotolo pali maola, ndipo maola amenewo ali m'manja mwa ife anthu wamba.

Cotero, awerengi okondedwa, tisunge izi. Munthu wovulala kumaso amene ali maso ndipo afuna kukhala tsonga, timlole akhale ataweramira kutsogolo kuti magazi aziturukira kunja. Tisamgoneke cagada, tisampendeketse mutu kumbuyo. Ngati wakomoka, timtembenuzire cammbali, wina atagwira mutu kuti uyendere pamodzi ndi thupi, popeza khosi likhoza kukhala litathyoka. Bala looneka tilikanikize ndi nsalu yoyera osalekeza. Tisathirepo dothi, phulusa kapena zitsamba, ndipo tisampatse madzi kapena cakudya, ngakhale adandaule ludzu. Tisataye nthawi pofunsana amene walakwa. Mlandu udzakambidwa mawa. Pali mankhwala ochedwa tranexamic acid amene kafukufuku wa CRASH-2, wa ovulala oposa 20,000 m'maiko 40, anaonetsa mu 2010 kuti amacepetsa imfa za otaya magazi. Koma athandiza ngati aperekedwa asanathe maola atatu.

Ziwiri zina tingacite ngozi isanaoneke. Coyamba ndi cisoti colimba, makamaka cophimba ndi cibwano comwe, comangidwa bwino, kwa woyendetsa ndi kwa wonyamulidwa. Amai ndi atate, mwana wanu akagula njinga yamoto, funsani za cisoti musanafunse za ndalama zimene adzapeza. Caciwiri ndi kupereka magazi. Akabwera a Zambia National Blood Transfusion Service ku sukulu kapena ku msika, tisabisale. Amatenga osakwana theka la lita, ndipo thupi limabwezera lokha. Madzi akatayika saoleka, magazi nawonso saoleka pa mseu. Amene adzalowe m'malo mwake ndi okhawo amene wina wa ife anapereka kale.